Matumba osalowa mpweya andichotsera mankhwala m'chimanga cha ana

Kwa ife olima kuno ku Chipata, nkhondo ya tizilombo sithera kumunda. Mbozi za ntchembere zandonda, zimene zinalowa m'Zambia kumapeto kwa 2016, timalimbana nazo chimanga chikadali chanthete, koma tikatuta timapeza nankafumbwe akutidikira pakhomo. Ndikufuna kunena za matumba osalowa mpweya, aja ambiri amawatchula kuti PICS, omwe ndimasungiramo chimanga, kayera ndi nyemba. Ndimawagula m'sitolo ina ya zaulimi ku Down Shops. Ndi odula ndipo amafuna kuwasamala, koma chimanga chodya ana anga sindidzachithiranso mankhwala.

Thumba lake ndi la zigawo zitatu. M'kati muli mapulasitiki awiri olimba, kunja kuli saka loluka ngati masaka amene tonse tinazolowera. Alipo a makilo 50 ndi a makilo 100. Ine ndimakonda aang'onowo chifukwa ndimatha kuwasuntha ndi mwana wanga popanda kuitana amuna. Nzeruyi inachokera ku yunivesite ya Purdue ku America, ndipo anayamba kuiyesa ku Cameroon pofuna kupulumutsa nyemba. Mulibe mankhwala alionse. Ukamanga bwino, tizilombo timene tili m'kati timapuma mpweya wotsalawo mpaka kutha, kenaka timasiya kudya ndi kuswana, n'kufa.

Chimene ambiri sitiganiza n'chakuti nankafumbwe timabwera naye kuchokera kumunda. Wamkazi amaboola njere, kuikiramo dzira n'kumata pabowopo, ndipo mphutsi imakulira m'kati mwa njere momwemo. Ukamatonola umaona chimanga choyera bwino, pamene adani ali kale m'katimo. M'nyengo yotentha ngati ya Okutobala, mwezi umodzi ndi masiku ochepa ndi wokwanira kuti dzira lisanduke nankafumbwe wina woikiranso mazira. Ndiye pali nankafumbwe wamkulu uja wochokera ku Central America, amene anayamba kuoneka ku Tanzania cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kufalikira mpaka kuno. Ameneyo amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe ndi chinangwa chouma, ndipo akalowa m'chimanga chimangotsala ufa wokhawokha.

Kale ndinkathira mankhwala a ufa monga aliyense. Amagwira ntchito ukatsata muyezo, koma ndi angati a ife amene timayeza? Timathira ndi dzanja, ena amaonjezera kuti "agwire bwino", ndipo mphamvu ikatha pakati pa chaka timakhuthula n'kuthiranso. Tsiku lothiralo munthu umagona pakhosi pakuyabwa. Choopsa kwambiri ndi mapilisi aja otulutsa mpweya wa poizoni, amene ena amagulitsa pamsika limodzilimodzi. Anapangidwira anthu ophunzitsidwa, osungira chimanga m'mashedi akuluakulu. Ife timaika m'saka lomwe lili m'chipinda chogona ana. Mpweya umenewo umapha munthu, ndipo zimandiwawa ndikaona mayi mnzanga akuwakulunga m'kansanza n'kulowa nawo m'nyumba.

Mnyamata wa m'sitoloyo ndimuyamikire. Sanangolandira ndalama. Anatulutsa pulasitiki imodzi, kuikupiza kuti idzaze mpweya, kugwira kukamwa kwake n'kuifinya, nati, "Amayi, musanaikemo chilichonse muzichita chonchi. Mukamva mpweya ukutuluka, pali bowo, ndipo thumbalo silikusungirani kanthu." Anandionetsanso kamangidwe: pulasitiki yam'kati uifinye kuchotsa mpweya, uipote, uipinde mutu n'kumanga payokha, yachiwiri chimodzimodzi, saka lakunja pomaliza. Ntchitoyi imatenga nthawi, makamaka ukakhala ndi matumba ambiri, ndipo zala zimawawa. Ine ndimamanga ndi malegeni a chubu cha njinga chifukwa sadula pulasitiki.

Chimanga chimene ndinamanga mu Julayi ndinakachitsegula mu Febuluwale, nthawi imene ufa umakwera mtengo ndipo ambiri amakhala atayamba kugula wa m'mabigili pa msika wa Kapata. Pamwamba panali anankafumbwe ochepa ouma gwa, ena atamatirira pa pulasitiki. Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono. Njere zinali zoterera, zozizira, zopanda fumbi, ndipo zinkalira ndikamazivundula. Fungo linali la chimanga basi. Ndinapeta kamodzi n'kupita nacho kuchigayo, osachitsuka kapena kuyanikanso, ndipo nsima yake inalibe kafungo kaja ka chimanga chofumbwa kamene ana amakana.

Pali china choposa kukoma. Njere yobooledwa ndi khomo lolowera chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ngakhale uphike motani. Amaononga chiwindi, ndipo amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Tonse tikukumbuka 2024, chaka cha chilala, pamene unduna wa zaumoyo unalengeza mu Ogasiti kuti poizoniyu wapezeka mu ufa wina wogulitsa ndipo agalu pafupifupi 400 anafa. Thumba lotsekeka bwino limaletsa tizilombo kuboola komanso chinyezi cha m'dzinja kulowa, motero chuku sichikula. Koma silichotsa poizoni amene analowa kale. Zoola muzisankhe n'kutaya musanamange, ndipo musapatse nkhuku kapena nkhumba.

Apa ndi pamene matumbawa amavuta. Chimanga chiyenera kuuma kwenikweni. A FRA, bungwe la boma logula chimanga, kawirikawiri amafuna chinyezi cha 12.5 peresenti, ndipo thumbali nalonso limafuna chouma chotero. Ife opanda makina oyezera timaluma njere: ikasweka ndi kaphokoso, yauma. Njira ina ndi kuika njere ndi mchere wouma m'botolo louma n'kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali, yanikaninso. Ukatsekera chonyowa chimawola m'kati momwemo.

Makoswe nawo saopa pulasitiki. Akaboola, ntchito yonse yapita. Matumba anga ndimawasanja pa mitengo, osagunda khoma, ndipo pansi ndimasesa kuti pasakhale njere zowakopa. Zitsononkho ndi timiyala zichoke musanathire, chifukwa zimabaya. Musakoke thumba pansi, musabaye ndi chitsulo chija ogula chimanga amayesera, ndipo musamatsegule tsiku lililonse. Cha mwezi uno ndimachotseratu n'kuika padera. Ukawasamala chonchi amatha kukutumikira zaka zitatu, ndipo mtengo uja, womwe ungagule masaka wamba angapo, umayamba kuoneka wochepa ukawerengera mankhwala amene sukugulanso. Chenjeraninso ndi ogulitsa ena am'mbali mwa msewu: mlamu wanga anagulitsidwa thumba lokhala ndi pulasitiki imodzi yopyapyala, ndipo pofika Disembala chimanga chake chinali chitafumbwa.

Chinanso chimene ndimawakondera n'chakuti amapha okhawo amene ali m'chakudya changa. Kumunda kwathu ku Chiparamba, mpendadzuwa ndi maungu zimabereka chifukwa cha njuchi, mavu amanyamula mbozi kupita nazo ku zisa zawo, ndipo mvula yoyamba ikagwa ana amatola inswa zoti tidyere nsima. Mabotolo ndi mapaketi a mankhwala amene timataya kudzala kapena kutsuka pamtsinje sasankha kachilombo kabwino ndi koipa. Kumunda sindinasiyiretu kupopera, ntchembere zandonda zikachuluka ndimapopera madzulo njuchi zitabwerera, koma m'nyumba mwanga mankhwala salowanso.

Dandaulo langa lalikulu ndi kupezeka kwake. M'tauni alipo, koma mlimi wa ku Kasenengwa kapena ku Vubwi ayenera kulipira galimoto kuti adzagule, ndipo mu Juni ndi Julayi, pomwe aliyense akuwafuna, nthawi zina amatha. Nthawi imeneyonso ambiri amakhala asanalandire ndalama za soya ndi nshawa. Eni masitolo a zaulimi akanawafikitsa ku misika ya kumidzi kuyambira mu Meyi, ndipo makopaletivu akanamagula ambiri pamodzi monga amachitira ndi feteleza, kuti mlimi azilipira akagulitsa mbewu.