Ndalama za ma alumni zogwirira ntchito yothandiza anthu pa holide

Pulogalamu iyi ndiyabwino ndithu, osanama. Ma alumni, anthu omwe anaphunzirapo kale pa koleji, amasonkha ndalama, nde ophunzira akatsekera holide yaitali ija amapatsidwa kangachepe kuti akathandize anthu, kaya kuphunzitsa ana kuwerenga kaya kusamalira okalamba, m'malo mokasaka ganyu. Chandisangalatsa kwambiri nchoti ochokera m'mabanja osauka nawonso amatha kudzipereka osadandaula za lendi ndi chakudya.

Koma mafomu ake abale inu, ataliatali, akufuna bajeti, kalata ya aphunzitsi, inanso ya bungwe lomwe ukagwireko, zonse pa nthawi ya mayeso. Ndalamanso nthawi zina zimachedwa kulowa, munthu kuyamba ntchito ali chimanjamanja. Malo ndi ochepa nde lembani msanga, ndipo mukamaliza amafuna lipoti, sungani malisiti onse.