Linux Mint ndi yabwino kwa woyamba kumene

Kwa munthu amene sanagwiritsepo ntchito Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows), mtundu wake wotchedwa Mint ndiye poyambira posavuta. Ndi yaulere, ndipo imagwira ntchito pa kompyuta ya RAM ya 2GB, ngakhale kuti imathamanga bwino pa 4GB. Pa disiki pakhale malo osachepera 20GB.

Koperani fayilo ya ISO ya Mint (fayilo imene muli pulogalamu yonseyo), muiike pa fulashi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya balenaEtcher, kenako muyatse kompyuta kudzera pa fulashiyo. Musanaike Mint pa disiki ya kompyuta, yesani kaye ngati Wi-Fi ndi mawu zikugwira. Poiika pa disiki m'pofunika kusamala kwambiri: mukasankha "Erase disk", zonse za pa disiki zimafufutika, choncho sungani kaye mafayilo anu kwina.

Chokhumudwitsa chake ndi Wi-Fi ya makompyuta okhala ndi kachipangizo ka kampani ya Broadcom, imene nthawi zina sigwira mpaka mutalumikiza chingwe cha intaneti n'kutsegula Driver Manager, pulogalamu ya mu Mint yoikira mapulogalamu oyendetsa zipangizo zotere. Mukamaliza, yatsani pulogalamu ya Timeshift kuti update ikasokoneza zinthu muzitha kuzibwezeretsa mwakale.