Makalasi a kafukufuku a Loweruka ku Avenues: mmene ndawaonera

Anamwino anzanga a ku Mufakose ndi ku Mabvuku akhala akundifunsa pa WhatsApp za makalasi a kafukufuku amene amachitika Loweruka m'mawa ku Avenues, kuno ku Harare, ku Zimbabwe, ndiye ndati ndiyankhe onse pakamodzi. Amaphunzitsa ndi mayi wina amene anapuma pa ntchito ya unamwino, tonse timangowatchula kuti a Sisitala. Kachipinda n'kakang'ono, mipando yapulasitiki, mtengo madola 15 pa tsiku, pamanja kapena potumiza pa foni kudzera pa EcoCash.

Ine ndinapitako ndi mtima wofuna kumaliza pulojekiti ya digiri basi. A Sisitala sayambira pamenepo. Amayamba ndi funso lakuti, "Zimene mumachita m'wodi mwanuzo munazitenga kuti?" Wina anatchula zometa wodwala ndi lezala asanalowe ku opaleshoni. Atatifunsa chifukwa chake, yankho lathu linali lakuti tinazipeza zikuchitika choncho. Anatitumiza pa PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mapepala a kafukufuku wa zaumoyo, kuti tikadzionere tokha, ndipo tinapeza kuti lezala imasiya timabala tosaoneka ndi maso, momwe tizilombo timalowera. Malangizo a 2016 a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amanena kuti tsitsi lisachotsedwe, ndipo ngati n'kofunikadi, lichotsedwe ndi makina ometera. M'chipindamo munali amayi amene akhala akumeta odwala zaka zambirimbiri, ndipo palibe anaseka mnzake.

Chimene ndinawakondera n'chakuti sanyoza luso la namwino wakale. Amatsatira zimene David Sackett ndi anzake analemba mu 1996, ndipo amazifanizira ndi mafuwa atatu: umboni wa kafukufuku, luso la wogwira ntchito, ndi zimene wodwalayo akufuna. Fuwa limodzi likachoka, mphika umagwa. Kenako amatiphunzitsa kupanga funso m'njira ya PICO: odwala ake ndi ati, tikufuna kuwachitira chiyani, tikuyerekeza ndi chiyani, nanga tikuyembekeza kuona zotani. Funso langa loyamba analibweza chifukwa linali lotakata kwambiri. "Mwanangu, matenda a shuga onsewa muwamaliza nokha?"

Tsiku limene ndalama yanga inagwiradi ntchito ndi limene tinawerenga pepala la Friendship Bench, ntchito imene dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ku Mbare konkuno, momwe agogo ophunzitsidwa amathandiza anthu ovutika maganizo pocheza nawo pabenchi. Linatuluka m'magazini ya JAMA mu 2016. Anthu 573 a m'makiliniki 24 a mu Harare ndi amene analowa nawo, ndipo maere osankha olandira thandizoli anagwera makiliniki, osati munthu payekhapayekha. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, amene ankakhala pabenchi n'kumakambirana mavuto awo ndi agogo ophunzitsidwa aja anapezeka kuti nkhawa ndi kuganiza kwambiri zachepa kuposa anzawo amene sanalandire thandizo la pabenchilo. Ife tinayamba kuomba m'manja, koma a Sisitala anatiletsa. Anati tionenso kuti analowa nawo ndi ndani. Ambiri anali amayi. Nanga bambo wa ku Dzivarasekwa amene sabwera n'komwe ku kiliniki, zotsatirazi zikumukhudza mofanana? Kuyambira pamenepo pepala ndimaliwerenga kuyambira pa njira imene anatsata, mawu omaliza ndimawaona pambuyo.

Pa za chilolezo sanyengerera. Kafukufuku wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye, ndipo amafotokoza bwino ntchito ya Medical Research Council of Zimbabwe, bungwe limene limavomereza kafukufuku wa zaumoyo. Nditawauza kuti ena mwa agogo amene ndikufuna kucheza nawo ku Epworth amamasuka kwambiri m'Chichewa kuposa m'Chishona, anandiuza kuti fomu yopempha chilolezo ndiilembenso m'Chichewa, chifukwa chidindo cha chala cha munthu amene sanamve zimene wawerengeredwa si chilolezo ayi.

Zofooka zilipo. Masamu a kafukufuku amawadutsa mothamanga, moti p-value, nambala yothandiza kuona ngati zotsatira sizinangochitika mwamwayi, ndinakaimvetsa kunyumba pa YouTube. Koma nkhani ya Florence Nightingale ndi ziwerengero zake za asilikali omwalira ku Scutari pa nkhondo ya ku Crimea inatidyera m'mawa wonse, chonsecho tinaiphunzira kale m'chaka choyamba. Intaneti ya pamalopo ndi yaulesi, ndipo magetsi akazima kalasi imasanduka nkhani zapakamwa. Amatchulanso Hinari, njira imene WHO inayambitsa mu 2002 kuti mayiko osauka aziwerenga magazini a zaumoyo mwaulere kapena motchipa, koma polowera pake muyenera kukafunsa ku laibulale ya chipatala kapena sukulu yanu. Iwo sapereka.

Amene mukufuna munthu wokulemberani pulojekiti, musawononge ndalama ya kombi. Ndinaona mnyamata wina akuwanong'oneza zimenezo, ndipo anamubwezera madola ake pamaso pa tonse. Enanu pitani, makamaka amene mumagwira m'wodi ya amayi oyembekezera ndi ya opaleshoni, poti zitsanzo zawo zambiri amazitenga kumeneko. Tengani laputopu yotchaja kale ndi bandulo yanuyanu, ndipo mufike isanakwane 8 koloko, chifukwa soketi yogwira ntchito ndi imodzi yokha, ili pafupi ndi zenera.