Our Planet: zithunzi zake n'zogometsa, koma musaionetse popanda wofotokozera

Our Planet ndi mndandanda wa mafilimu a zachilengedwe womwe unatuluka pa Netflix pa 5 Epulo 2019. Uli ndi zigawo zisanu ndi zitatu, chilichonse cha mphindi pafupifupi 50. Unapangidwa ndi kampani ya Silverback Films mogwirizana ndi bungwe loteteza chilengedwe la WWF, ndipo mawu omwe mumamva ndi a David Attenborough. Kujambula kunatenga zaka zinayi m'mayiko 50, ndipo anthu amene anagwira ntchitoyi anaposa 600. Mu 2020 Netflix inauikanso pa YouTube kuti aliyense aonere ulere, choncho mphunzitsi kapena mtsogoleri wa kalabu ya zachilengedwe savutika kuupeza.

Chigamulo chathu tinene poyamba pomwe. Mafilimuwa ndi oyenera kuonera, ndiponso ndi oyenera kuonetsa ana ndi achinyamata. Koma amasiya kunja zinthu zikuluzikulu, ndipo woonera amene sanauzidwe akhoza kutuluka ndi maganizo olakwika pa nkhani ya kuteteza chilengedwe.

Mphamvu yake yaikulu ndi kuonetsa kuti zinthu n'zolumikizana. M'chigawo choyamba, One Planet, mvula imagwa pa chigwa chachikulu cha mchere mu Africa, ndipo mbalame za flamingo zimafika zikwizikwi kudzaikira mazira pa timilu tamatope. Madzi akayamba kuphwa, anapiye omwe sanayambe kuuluka amayenda pansi makilomita ambirimbiri kukafuna madzi abwino. Kamera imatsatira kamwana kamodzi komwe mchere waundana kumiyendo yake, kakukoka mapazi olemera, gulu likutalikira patsogolo. Mwana wa sukulu amene waona zimenezi safunanso kumufotokozera chifukwa chake kuchedwa kwa mvula kapena kuphwa msanga kwa madzi kumapha nyama. Waona yekha.

Chigawo cha Fresh Water chili ndi kanthu kena kosaiwalika, kojambulidwa pansi pa nyanja ya Tanganyika. Nsomba yamphongo imatola zigoba za nkhono ndi pakamwa n'kuziunjika pamalo ake. Yaikazi ndi yaing'ono kwambiri moti imalowa m'chigobamo kukaikira mazira, pamene yamphongo singalowemo. Mphongo yokhala ndi zigoba zambiri ndiyo imapeza zazikazi zambiri, n'chifukwa chake mphongozo zimaberana zigoba mnzake akangotembenuka. Ana amaseka pamenepa, ndipo ndi malo abwino oimitsa filimu n'kufunsa: nanga matope ochokera kumtunda kodulidwa mitengo akakwirira zigobazo, nsombazi ziswana kuti?

Zigawo zina sizifika pamenepa. The High Seas ndi yokongola koma nkhani yake imangodumphadumpha, ndipo woonera amatopa pakati. From Deserts to Grasslands ili ndi zithunzi zabwino za nyalugwe wa ku Arabia, koma phunziro lake silikhazikika m'mutu ngati la zigawo zinazo.

Ndi bwino kudziwa mmene zithunzi zotere zimapezekera, chifukwa zimathandiza kuweruza zimene mukuona. Nyama zamantha monga tiger wa ku Siberia, yemwe amaoneka m'chigawo cha Forests, zimajambulidwa ndi makamera omangidwa pamtengo kapena pamwala, omwe amayamba okha kujambula akamva kutentha kwa thupi likudutsa. Njirayi imalephera kawirikawiri. Kukazizira kwambiri mabatire amatha msanga. Udzu wotenthedwa ndi dzuwa ukamagwedezeka ndi mphepo, kamera imayesa nyama n'kudzaza memori khadi ndi zithunzi zopanda kanthu. Chinyezi chimaphimba galasi, ndipo nyama ina ikhoza kungoigunda kamerayo n'kuilozetsa kumwamba. Ndiye mphindi ziwiri za tiger zomwe mukuona ndi zipatso za miyezi yambiri. Pansi pa madzi, ojambula amagwiritsa ntchito zida zopumira zomwe zimabweza mpweya womwewo atauchotsa mpweya woipa, kuti pasatuluke thovu loopseza nsomba. Zithunzi za m'mwamba zimachokera pa helikopita kapena drone, kamera itamangidwa pa chida chomwe chimaiteteza kuti isanjenjemere.

Phokoso ndi nkhani ina. Kamera ya galasi lalitali imajambula nyama ili kutali kwambiri, kumene maikolofoni sangamve mapazi ake kapena kutafuna kwake. Choncho m'mafilimu a mtundu uwu phokoso lambiri lapafupi limawonjezeredwa mu situdiyo, ndipo ulenje umodzi womwe mukuona ukhoza kukhala wolumikizidwa kuchokera pa masiku angapo. Limeneli si bodza pa khalidwe la nyamayo, koma ana azidziwe, kuti akadzalowa m'nkhalango yeniyeni n'kukhala maola atatu osaona kanthu asaganize kuti nkhalangoyo yafa.

Tsopano zofooka zake, zomwe ndi zofunika kuzikambirana mofatsa.

Our Planet inatamandidwa kuti imanena poyera za kusintha kwa nyengo, kudula mitengo ndi kupha nsomba mopitirira muyeso, zomwe mafilimu akale a nyama ankazilambalala. Zimenezi n'zoona. Ofufuza a m'mayunivesite a ku Britain anawerenga mawu onse a m'mafilimuwa mu 2019, ndipo anapeza kuti pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse amakamba za zoopsa zomwe chilengedwe chikukumana nazo. Koma anaonanso kuti zithunzi zake sizisiyana kwenikweni ndi za mafilimu akale aja. Khutu limamva kuti nkhalango ikutha, pamene diso likuona nkhalango yobiriwira yosatha. Ndipo munthu amakumbukira zimene waona kuposa zimene wamva. M'chigawo cha Forests muli malo amodzi pomwe opanga ananena chilungamo chowawa: ataonetsa nyama za m'nkhalango ina ya ku Madagascar, wofotokoza amati nkhalangoyo inatha pambuyo poijambula. Tikanakonda kuti atibwezerenso pamalo omwewo ndi kamera, tione zitsa ndi phulusa, timve ndani anadula ndipo chifukwa chiyani.

Apa ndiye pali vuto lalikulu: anthu mulibemo. Msodzi, mlimi, woweta ziweto, mlonda wa nkhalango, onsewa simuwamva akulankhula. Nkhani ya minda ya kanjedza wa mafuta yomwe ikulanda malo a anyani a orangutan imatchulidwa m'chigawo cha Jungles, koma wolima kanjedzayo ndi wogula mafutawo saoneka. Chigawo cha Forests chimathera ku Chernobyl m'dziko la Ukraine, kumene anthu anasamutsidwa pambuyo pa ngozi ya nyukiliya ya 1986, ndipo mitengo yamera m'misewu, nyama zabwerera. Zithunzizo n'zoona ndipo zimapatsa chiyembekezo, koma mwana woonera yekha akhoza kutolapo phunziro lakuti chilengedwe chimachira pokhapokha anthu atachotsedwa. Maganizo amenewa avulaza anthu ambiri omwe anathamangitsidwa m'malo a makolo awo m'dzina la kuteteza nyama, ndipo kawirikawiri sanathandize nyamazo, chifukwa munthu wolandidwa malo sakhala bwenzi la paki.

Pali nambala imodzi yomwe iyenera kufotokozedwa bwino. Chigawo choyamba chimati nyama zakutchire zachepa ndi magawo 60 pa 100. Nambalayi inachokera mu lipoti la WWF la 2018, ndipo ikunena za kuchepa kwapakatikati kwa magulu a nyama zamsana omwe akhala akuwerengedwa kuyambira 1970 mpaka 2014. Sikutanthauza kuti pa nyama khumi zilizonse padziko zisanu ndi imodzi zinafa. Tiyerekeze motere: gulu lina linali ndi nyama 100 n'kutsala 20, lachepa ndi 80 pa 100. Lina linali ndi 10,000 n'kutsala 6,000, lachepa ndi 40 pa 100. Mukaphatikiza 80 ndi 40 n'kugawa pawiri mupeza 60, pamene nyama zonse pamodzi zachepa ndi pafupifupi 40 pa 100. Nambalayo ndi yoopsabe, koma wophunzira amene waimvetsa molakwika adzagonja pa mkangano woyamba ndi munthu wokana kuti nyama zikuchepa, ndipo adzayamba kukayikira zina zonse.

Malo omwe anautsa mkangano kwambiri ali kumapeto kwa chigawo chachiwiri, Frozen Worlds. Nyama zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa walrus, zoposa 100,000, zimaunjikana pagombe kumpoto chakum'mawa kwa Russia. Zina zimakwera phompho lalitali, kenako zimagwa n'kufa pamiyala. Wofotokoza amati zimabwera kumtunda chifukwa madzi oundana omwe zinkapumulirapo m'nyanja achepa. Ena anatsutsa kuti zinagwa poopa zimbalangondo zoyera kapena poopa ojambulawo, ndipo opanga filimu anakana zimenezo. Kuchepa kwa madzi oundana a ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, m'nyengo yotentha ndi chinthu choyezedwa ndi masetilaiti kuyambira 1979, palibe chokayikitsa pamenepo. Koma kuchoka pa mfundo imeneyo kufika pa kugwa kwa nyama iliyonse pali masitepe angapo, ndipo filimuyo imawadumpha mofulumira. Ngati oonera ndi ana aang'ono, imitsani filimu malowa asanafike. Ngati ndi akuluakulu, achenjezeni kaye.

Chifukwa cha kusowa kwa anthu kuja, timalangiza kuphatikiza Our Planet ndi filimu ya Virunga ya 2014, yotsogoleredwa ndi Orlando von Einsiedel. Imaonetsa alonda a paki ya Virunga kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo, yomwe inakhazikitsidwa mu 1925, pa nthawi ya nkhondo ya gulu loukira boma la M23 mu 2012 komanso pamene kampani ya ku Britain inkafufuza mafuta m'dera la nyanja ya Edward. Kampaniyo inakana kuti inachita cholakwika. M'filimuyi mumaona André Bauma akulera ana amasiye a gorila mizinga ikulira pafupi, ndipo mumamva nkhani za ndalama, za ndale ndi za mfuti, zomwe Our Planet siikhudza. Mkulu wa pakiyo, Emmanuel de Merode, anawomberedwa mu Epulo 2014 filimuyo itatsala pang'ono kuonetsedwa koyamba, koma anapulumuka. Virunga si ya ana: muli nkhondo ndi imfa. Ilinso ndi chofooka chake, chifukwa imaona nkhani ndi maso a alonda kuposa a anthu okhala m'mphepete mwa paki. Komabe kwa achinyamata akuluakulu, kuonera ziwirizi motsatizana kumapereka chithunzi choyandikira zenizeni.

Kwa amene akufuna kuonetsa gulu, zinthu zimene zimasokoneza n'zodziwika. Choyamba ndi deta. Malinga ndi Netflix, ola limodzi limadya pafupifupi 1 GB pa chithunzi wamba, mpaka 3 GB pa HD ndi mpaka 7 GB pa 4K. Zigawo zonse pamodzi zimayandikira maola asanu ndi awiri, ndiye pa HD zikhoza kufika 20 GB. Dawunilodani chigawocho mu apu dzulo lake, ndipo muyese kuchisewera intaneti itazimitsidwa. Muyesenso kulumikiza ku pulojekita kapena TV pasadakhale, chifukwa foni zambiri zimakana kutumiza chithunzi cha Netflix kudzera pa njira yoonetsa sikirini ya foni pa TV, mumangomva mawu chithunzi chili bii. Laputopu yolumikizidwa ndi chingwe cha HDMI ndiyo yodalirika.

Chachiwiri ndi mdima. Zithunzi za pansi pa nyanja yakuya ndi za usiku sizioneka konse m'chipinda cholowa dzuwa. Phimbani mawindo ndi nsalu zokhuthala, kapena sankhani Fresh Water ndi One Planet zomwe zili ndi kuwala kochuluka. Chachitatu ndi mawu. Attenborough amalankhula motsitsa, nyimbo za Steven Price zimakwera, ndipo pa sipika ya laputopu mawu a munthu ndi amene amatayika. Pezani sipika yapadera, muiike kutsogolo pamwamba pang'ono, ndipo muyatse mawu olembedwa m'munsi. Chingerezi chake n'chosavuta koma mayina a nyama ndi achilendo, choncho alembeni pa bolodi filimu isanayambe.

Musaonetse zigawo ziwiri tsiku limodzi. Gawani chimodzi pawiri, mphindi 25 kenako kukambirana, ndipo mafunso akhale omwewa nthawi zonse: chikuwononga malowa n'chiyani, ndani akupindula nako kuwonongako, ndipo ndani akukhala pafupi amene kamera sinamuonetse? Yambani ndi One Planet, ibwere Fresh Water, kenako Forests. Frozen Worlds ibwere gulu litazolowera kukambirana, ndipo wotsogolera akhale ataionera yekha mpaka kumapeto asanaionetse.