Gogodera ya mwala kapena ya kapu: woyamba kumene agule iti?

Chigulireni gogodera yanga ya mwala kwa munthu amene anali atawombera nayo zaka zambiri, anzanga sakuleka kundifunsa chifukwa chimene sindinatengere ya kapu. Ndiyankhe pano kamodzi.

Pothira wonga ndi kutsindira chipolopolo ndi ndodo, mfuti ziwirizi n'chimodzimodzi. Zonse zimafunanso kutsukidwa ndi madzi tsiku lomwelo, kuumitsidwa ndi kupakidwa mafuta, apo ayi dzimbiri limadya mpope. Zimasiyanira pa moto.

Ya kapu, imene inayamba kufala m'zaka za m'ma 1820, imayaka nyundo ikamenya kapuyo, kachipewa kamkuwa kokhala ndi mankhwala oyatsira wonga. Siisankha wonga kwambiri, ndipo chinyezi imachipirirako. Ya mwala imafuna kuti mwala upale chitsulo cholimba, mbaliwali zigwere m'kambale ka wonga wosalala, moto ulowe pakabowo. Chimodzi chikalephera, mfuti siilira.

Apa m'pamene ndinapwetekera. Wondigulitsayo anandipatsa chitini cha wonga wamakono wolowa m'malo mwa wonga wakuda wachikale, n'kunena kuti palibe kusiyana. Tsiku loyamba mwala unkangoti khethe, mfuti ili duu. Wonga wa mtunduwu, monga Pyrodex ndi Triple Seven, umachita bwino m'mfuti ya kapu, koma umafuna moto waukali kuposa umene mbaliwali zimapereka. Ya mwala imafuna wonga wakuda weniweni: FFg kapena FFFg mumpope, FFFFg m'kambale (ma F akachuluka ndiye kuti wongawo ndi wosalala kwambiri). Tsono m'mayiko ambiri malamulo amauika wongawu m'gulu la zophulika, choncho ogulitsa ndi ochepa ndipo kuutumiza kuli ndi ndalama yakeyake. Zonsezi wondigulitsa uja sanandiuze. (Wonga wopanda utsi wa mfuti zamakono musauyerekeze n'komwe, umaphulitsa mpope.)

Nditaupeza wonga woyenera, mfuti inkakanabe nthawi zina. Mmisiri atayang'ana anapeza kuti khungu lolimba la chitsulo chija linali litaperepeseka, mwala ukungodya chitsulo chofewa. Ndinalipiranso. Chimandiwawa n'chakuti ndikadadziwira pogula pomwe. Mumayamba mwalowetsa ndodo mumpope kuti mutsimikize kuti mulibe kanthu, poti mfuti zakale zina zimagulitsidwa zili ndi wonga m'kati. Kenako mumaiwombetsa yopanda kanthu pamalo pa mdima. Mbaliwali zikhale zambiri, zigwere m'kambale. Zikakhala ziwiri zitatu zofooka, tsitsani mtengo kapena isiyeni.

Pa kulunjika, ya mwala imavuta poyamba chifukwa moto umabuka pafupi ndi diso ndipo mutu umafuna kuthawa. Magalasi oteteza maso musawasiye. Ikakana kulira, muilozebe kutsogolo kwa mphindi yathunthu, chifukwa imatha kulira mochedwa.

Ngati wonga wakuda simungaupeze mosavuta, gulani ya kapu osakayika. Ine yanga ya mwala sindiigulitsa. Mwala ukabuntha ndimausema n'kupitiriza kuwombera, pomwe mnzanga wa kapu tizipewa tikamuthera amangolongedza.