Chikoti changa chachikopa patatha miyezi 9

Ndinachigula mu Novembala kwa mayi wina wosoka zikopa amene amagwirira ntchito m'galaja kunyumba kwake, chakumpoto kwa Johannesburg. Ndinapereka R850. Si chikoti cha mvuu chija agogo ankachitchula monong'ona. Ichi chili ndi chogwirira choluka ndi michira 30 ya chikopa chofewa cha ng'ombe, ndipo ogulitsa amachitcha flogger. Nditachigwiritsa ntchito kawiri kokha ndinalemba zochitamanda: chimakhazikika bwino m'dzanja, sichicheka khungu, sichisokosa. Ena munati ndayamba nthungululu mkwatibwi asanatuluke. Simunanametu kwenikweni.

Kwa amene simundidziwa, kwathu chitseko cha kuchipinda chikatsekedwa wolamula ndine. Bambo a kunyumba ndiwo anapempha okha titatha zaka 6 m'banja, maso ali pansi ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika. Tinakambirana, tinagwirizana, ndipo zimatikomera tonse awiri.

Chikopa chake n'chabwino, koma chisanu cha ku Joni sichimvera chisoni chikopa. Mu Juni ndi Julayi, mphepo youma ija imene imang'amba milomo ndi zidendene inaumitsa michira mpaka nsonga zake zinayamba kuluma ngati chitedze. Wogulitsa sanandiuze kuti pamafunika mafuta. Dubbin yemwe anyamata amapaka nsapato za mpira ndi amene anachipulumutsa: pang'ono chabe pa kansalu, kamodzi pa mwezi, kenako n'kuchipachika michira ikuloza pansi. Mukachipinda m'dirowa chimapotana. Chikopa chimamwa thukuta ndipo sichichapika, choncho chimenechi n'cha munthu mmodzi basi, osabwereketsa ngati chipande. Pa phokoso mawu anga aja sindikuwabweza. Flati yathu ku Rosettenville ili ndi makoma oti woyandikana naye akayetsemula mumamva, koma palibe amene anagogodapo.

Chogwirira ndiye chinandikhumudwitsa. Mwezi wachisanu chigulireni mfundo ya kumapeto inasomphoka, n'kupeza kuti anangomata ndi guluu m'malo mosoka. Pa R850! Ndinapita nacho kwa bambo wina wosoka nsapato mu Rockey Street ku Yeoville, wakumudzi konkuja, ndinamuzindikira ndi kalankhulidwe. Anachitembenuza uku ndi uku, kuchinunkhiza, kenako n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mayi, kodi limeneli ndi litchowa la Kamuzu?"

"Eya achimwene, ndi lomwelo. Ntchentche zachuluka kwathu."

Anasoka ndi ulusi wa phula, ndinalipira R40, ndipo mpaka lero sichinasomphokenso. Koma mawu akewo ndinakwera nawo takisi. Mayi anga anavinira litchowa limenelo. Kamuzu ankadzitcha Nkhoswe Nambala Wani ya amayi onse, mbumba ikumuimbira itavala nkhope yake pachifuwa, koma boma lake lomwelo mu 1973 linaika lamulo loletsa mkazi kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo. Lamulolo linapita pamodzi ndi chipani chimodzi, koma mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe anali kuvulabe amayi a mathalauzi masanasana, miyezi yowerengeka Joyce Banda asanakhale pulezidenti. Kunonso ku South Africa musanamizidwe ndi tchuthi cha pa 9 Ogasiti, chokumbukira amayi pafupifupi 20,000 amene anaguba kupita ku maofesi a boma a Union Buildings ku Pretoria mu 1956. Mu 2008 mtsikana anavulidwa pa renki ya matakisi ya Noord chifukwa cha siketi yaifupi. Ine amene mwamuna amandigwadira usiku, m'mawa ndikamadutsa pa renki ndimakokera siketi pansi ngati wina aliyense. Wina akakuuzani kuti chikoti cha kuchipinda chimamasula amayi, ameneyo pali chimene akugulitsa.

Mnzanga wina, mayi wophunzira ndithu, anandiuza poyera kuti ndangotembenuza nkhanza, ndatola chida cha akapitawo a thangata ndi apolisi a tsankho a kuno n'kuchipaka pafyumu. Sindinamuseke, chifukwa mbiri ya chikoti ndikuidziwa: zimene zinkachitika m'minda ya azungu ndi zina mwa zomwe zinadzutsa Chilembwe mu 1915. Ndinamufunsa chinthu chimodzi chokha: kodi munthu wa thangata anali ndi mawu oti akangowanena kapitawo n'kutsitsa mkono? Ife tili nawo. Timatsata maloboti. "Chachikasu" ndiye kuti chepetsani, "chofiira" ndiye kuti zonse zathera pomwepo, popanda kufunsa chifukwa, popanda kunyanyala mawa lake. Anankungwi anandilangiza usiku wonse za kusangalatsa mwamuna, ku kitcheni pate anabwereza zomwezo ndi mapoto m'manja, koma palibe mmodzi anandipatsa mawu otere. Ndinakawapeza m'masewera amene amayi a ku mvano akanawamva akanandisalira kudya.

M'miyezi 9 imeneyi bambo anena "chofiira" katatu. Kamodzi ndinalakwa ndine. Michira ndi yaitali, ndinaima pafupi kwambiri, nsonga zinazungulira n'kukamenya m'nthiti. Ndinachiponya pansi, kukanyowetsa thaulo, kuwafunditsa bulangete, n'kukhala nawo pakapeti tikumwa rooibos osalankhula zambiri. Mkwingwirima unatha sabata. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndayesera pa pilo, ndipo khosi, fupa la msana ndi malo a impso sindifikako n'komwe. Mowa ukalowa m'nyumba, chikoti sichitsika pa msomali.

Chimene sindinachione pogula ndi ichi. Pofika mwezi wachinayi chigulireni ndinazindikira kuti ndadzionjezera ganyu. Ndaima tsiku lonse ku saluni ndikuluka anthu, ndafika ndaphika nsima, ndatsuka mbale, kenako ndiganize za masewera a usikuwo, ndivale nsapato zazitali mapazi akuwawa, pomaliza ndipukute chikoti mwiniwake wa zilakolako akuliza mkonono. Mfumukazi yanji yokwecha mapoto? Amuna ambiri amene amati akufuna mkazi wowalamula amafuna wowatumikira wovala zachikopa, ndipo amabwera ndi mndandanda wawo ngati ali ku lesitanti. N'chimodzimodzi andale athu okonda kunena kuti ndi antchito a anthu, koma galimoto zawo zikamadutsa ndife timathamangitsidwa mumsewu. Amuna anga ndinawakhazika pansi Lamlungu lina titachokera ku tchalitchi.

"Bambo, ngati n'zoona kuti mumafuna kundimvera, mapoto ndi awo."

Anaseka, akuyesa ndi mbali ya sewero. Ataona kuti sindikuseka ananyamuka. Lero dubbin amapaka ndiwo, mapoto a Lachitatu ndi Loweruka ndi awo, ndipo ndikatopa ndimanena kuti lero ayi, iwo n'kuyankha kuti chabwino mayi. Masiku ena amaiwala dala, sindikubisirani.

Ndingagulenso? Eya, kwa mayi yemweyo, koma ndikamuuza kuti asoke chogwirira ndikuona, ndipo michira ikhale yofupikirapo chifukwa denga la flati n'lotsika, babu limodzi linapita kale. Kwa woyamba kumene ndinganene kuti asankhe cha chikopa chofewa cha suwedi, n'chopepuka ndipo sichipweteka msanga dzanja likaphonya. Vuto latsala ndi pobisa. Apongozi akubwera mu Disembala pa basi, tikawachingamira ku Park Station, ndipo mayi amene aja sasiya kabati osatsegula. Pakadali pano ndaganiza za thumba la duveti pamwamba pa wodiropu, poti ndi aafupi.