MC-60A ya Kenwood pa wailesi ya Icom: miyezi 9 kuno ku Mulanje

Mayikolofoni yapatebulo imeneyi ndinaigula yakale kwa mkulu wina wa ku Limbe, dzanja litatopa ndi kamayikolofoni ka m'manja kamene kanabwera ndi IC-718 yanga, wailesi ya Icom yolankhulirana ndi anthu akutali. Tsopano yaona dzinja ndi chisanu chomwe, ndiye ndingathe kunena zoona zake.

Anzanga, pulagi isakunamizeni. Kenwood ndi Icom onse ali ndi pulagi yozungulira ya mapini 8 ndipo imalowa bwinobwino, koma mkatimo mawaya sagwirizana. Kwa Kenwood, PTT (waya wa batani lokanikiza polankhula) ili pa pini 2 ndipo magetsi a 8V ali pa pini 5. Kwa Icom n'zotembenuka: 8V pa pini 2, PTT pa pini 5. Mukangolumikiza n'kukanikiza batani, magetsi aja mwawatumiza komwe sayenera kupita. Ine sindinafune kudula chingwe cha mayikolofoniyo, ndinawotcherera kachingwe kapakati kotembenuza mapiniwo. Pa pini 1 ndinaika kachipangizo kotchinga magetsi, capacitor ya 1 µF, chifukwa Icom imatumiza magetsi pa waya wa mawu kuti idyetse mayikolofoni zake za electret, pomwe iyi ndi dynamic, yosafuna magetsi otere. Mabatani a UP ndi DOWN ndinangowasiya osalumikiza, sindiwasowa.

Sabata zoyamba zinandiwawa mtima. Mnzanga wa ku South Africa amene timacheza madzulo pa 7 MHz anandiuza kuti ndikumveka ngati ndikulankhulira m'chitini. Vuto linali langa ndemwe: kachingwe kaja ndinakapanga ndi waya wamba wopanda chotchinga, ndiye mphamvu ya eriyo inkabwerera m'mawu, makamaka ndikafika pa 100 W. Nditasintha waya n'kuukulunga kanayi pa ferrite (kachipangizo koletsa phokoso lotere), phokosolo linatheratu. Preamp, chokweza mawu cha m'mayikolofonimo, ndimaisiya yoyaka, apo ayi mawu amatsika kwambiri pa wailesi imeneyi.

Chimene sindinachiganizire ndi chiperoni. Mu Juni nkhungu inakhala masiku angapo osachoka, phiri osaoneka n'komwe, zovala osauma pachingwe. M'mawa wina ndinakanikiza PTT, wailesi ili duu! Nditamasula pulagi yanga ndinapeza mapini awiri atabiriwira, mtovu umene ndinawotcherera utachita mbuu ngati phulusa. Ndinapala ndi kampeni, n'kutsuka ndi spiriti, n'kuwotchereranso. Kuyambira pamenepo ndikamaliza kucheza ndimazula kachingweko n'kukaika m'chigubu chotseka bwino, pamodzi ndi timatumba ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Mayikolofoni ndimaifunditsa kansalu.

Ndimaikonda, sindibisa. Ndi yolemera, siyendayenda patebulo, ndipo batani lake lokhoma limandimasula manja kuti ndizilemba m'buku uku ndikulankhula. Dzulo pa 14 MHz munthu wa ku Italy anamva 7Q yanga (chiyambi cha dzina langa la pa wailesi, chosonyeza Malawi) kamodzi kokha, osandipempha kuti ndibwereze.